Chikopa cha M'balani

Amalume a mkazi wanga, a Lazalo, amene timawaitana kuti sekuru, analowa mu wekishopu Lachitatu m'mawa ine ndili pansi pa thirakitala. Ndinayamba kuona magambutsu awo odula pakamwa aja, ndipo ndinadziwiratu kuti sanabwere ndi zabwino. Pa zaka zisanu ndi zinayi zimene ndakhala mkamwini wawo, mkuluyu anali asanapondemo mu wekishopu. Zachitsulo alibe nazo ntchito. Masana amasankha fodya ku shedi, ndipo akaweruka ndi amene amasunga ng'oma za gule wa pa komboni pathu, pa pulazi ina ya kuseri kwa Trelawney.

Ndinatuluka n'kupukuta manja. Anandipatsa moni wautali wachikulu, kufunsa za mwana wathu Tatenda, za mayi anga, za chifuwa chimene chinandigwira mwezi watha, kenaka ananena kuti chikopa chasowa. Chinali cha ng'ombe ya malemu apongozi anga a Simeon, bambo ake a Keziya, imene inaphedwa pa maliro awo chaka chatha. Anachipala bwinobwino n'kuchipachika m'balani yakale ya kufupi ndi manda, imene inasiya kuwotcha fodya ine ndisanabadwe. Chinali choti akungire mbalule, ng'oma yotsogolera, pa mpalo wa malemuwo, mwambo womaliza wotsanzikana nawo. Mpalo unali Loweruka la sabata yomweyo.

"Inu mumayendayenda kutola zitsulo, mukwasha," anatero, kunditcha mkamwini m'chinenero cha kuno. "Simunaoneko munthu kumeneko?"

Ndinati sindinaone munthu, ndipo limenelo silinali bodza, chifukwa tsiku limene ndinalowa m'balanimo ndinali ndekhandekha. Chikopacho chinali mapazi asanu kuchokera pamene anaima, pansi pa tenti, pa mpando wa mthuthuthu wanga.

A Lazalo anayang'ana tentiyo nthawi yokwanira kupserera chimanga chowotcha. Sanafunse chimene chinali pansi pake. Anangoti akulu adikira mpaka Lachisanu dzuwa likapendeka, kupitirira pamenepo gule adzafunafuna yekha, ndipo anatuluka.

Mthuthuthu umenewu ndi wamkulu kwa ine. Unali wa mzungu woyamba wa pulazi ino, ndipo unakhala zaka zambiri kuseri kwa shedi ya feteleza, nkhuku zikuikira mazira pa mpando. Manejala wa masiku ano anandiuza kuti ndiuchotse, ukudetsa malo. Injini ndinaidzutsa m'miyezi iwiri. Ndikanalekera pomwepo bwenzi lero ndikuyenda ngati munthu, koma ndinaona pa foni zimene anzathu a m'matauni amachita ndi njinga zakale. Amazidula mchira, kutsitsa mahandulo, kuika kampando ka munthu mmodzi kokhala ndi kalinunda kumbuyo, n'kumazitcha kafe resa. Matenda anandilowa tsiku lomwelo. Pa komboni anthu ankangoti kafe ya Dominic, ndipo azimayi a pa mjigo ankandifunsa kuti tiyi ndiyamba liti kugulitsa.

Zogulira zida ndinalibe, ndiye chilichonse chinachokera pa dzala la zitsulo. Mahandulo ndi omwe aja, ndinangowazondotsa. Mchira wa felemu ndinadula ndi girayinda, n'kutsekera kumbuyo ndi paipi yothirira imene ndinaidzaza mchenga kuti isaphwanyike poipinda. Thanki ndinaifinya mbali zonse ndi hamala ya mtengo kuti mawondo azilowa. Linunda ndinasula kuchokera ku theka la beseni lachitsulo, siponji ndinang'amba pa mpando wa thirakitala yakufa. Chinatsala n'chovekera mpandowo. Ndinayesa tenti yabuluu, njinga yonse inaoneka ngati thumba la feteleza lomera matayala. Ku Chinhoyi anandiuza mtengo wa chikopa chofufuta, ine ndinangothokoza n'kutsanzika.

Ndiye tsiku lina ndinapita ku balani ija kukafuna chitsulo cha pa chitseko cha ng'anjo, n'kupeza chikopa chili lende pa mtengo wopachikapo fodya. Panalibe kansanza kofiira pa khomo, panalibe nthenga, panalibe chilichonse chimene a gule amaika pofuna kuti ife osalowa tizilambalala. Koma ndisaname. Mtima unandiuza kuti chinthu chopalidwa bwino chotere chili ndi mwini wake, ine ndinauuza mtimawo kuti ukhale chete. Ndinachinyika, kuchifewetsa ndi mafuta, kudula pakati penipeni pamene panali posalala, n'kupaka polishi yofiirira. Kenaka ndinapita nacho kwa Keziya, amene amasoka mabelo a fodya ku shedi ndipo zingano imamumvera kuposa wina aliyense pa pulazi pano. Ndinamuuza kuti ndagula ku Chinhoyi. Anandinena kuti ndikuwononga ndalama, koma anasoka masana atatu a Lamlungu, mizere yopingasa khumi ndi iwiri, yowongoka ngati ya makina.

Mantha anga ndiwanene mosabisa. Pa komboni pathu a mpingo ndi a gule timamwa mjigo umodzi, timakwatirana, timaikana m'manda. Koma lamulo limodzi silisintha: wogwira chinthu cha gule asanalowe amatengedwa kupita ku dambwe, kumalo kwawo kwachinsinsi, kukameta, kaya ali ndi ndevu kaya imvi. Dalaivala wina wochokera ku Raffingora, Passmore, anakhudza chilombo cha gule ndi galasi la lole, anamutenga masiku atatu. Anabwerako wathanzi ndithu, koma kumpingo anamudula, ndipo mpaka lero akakumana ndi abusa amapatuka. Ine ndinabadwira mumpingo. Malemu bambo anga anali mkulu wa mpingo, mayi anga a Emilia ndi amene amatsogolera amayi a Mvano, ndipo ine ndakhala ndikuimitsa kwaya kuyambira ndili ndi zaka makumi awiri. Nditafunsira Keziya, mayi anandiuza kuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Sanali kundilimbitsa mtima, anali kundichenjeza.

Masana a Lachitatu lomwelo ndinapita kunyumba kukadya. Keziya anali atamva kale za chikopa, monganso komboni yonse. Anali ndi mkwiyo umene ndinali ndisanauonepo. Ankati wakuba ameneyu wabera munthu wakufa, ankati ng'ombe ija bambo ake anaigula ndi thukuta la zaka makumi atatu za m'mabalani, ankati akamupeza amulavulira yekha m'maso. Ine ndinkangovomera ndi mutu. Ali mkati molankhula anaima, n'kundiyang'ana mmene amayang'anira belo losokedwa molakwika.

"Baba Tatenda, chikopa chija munagula pa sitolo iti ku Chinhoyi?"

Ndinatchula msewu. Anafunsanso sitolo. Ndinati dzina ndaiwala, ndipo mawu anga anatuluka ngati a mwana wogwidwa ndi shuga m'kamwa. Keziya anakhala pansi pa simenti, manja ake awiri n'kuwaika pa miyendo, n'kumawayang'ana.

"Ndasoka bambo anga," anatero.

Ndikanakonda akanandimenya ndi mthiko. Sanalire, sanakuwe. Anangonena kuti akupita kwa amalume ake kukaulula. Ndinagwada, ine munthu wosagwadira mkazi, n'kumupempha kuti andipatse tsiku limodzi lokha ndiyese kukonza. Anati zitsulo ndi zimene ndimakonza, izi si zitsulo. Koma anakhala.

Lachinayi ndinanamizira kuti ndikukagula lamba wa pampu, n'kukwera kombi, minibasi yopita ku tauni. Ndinayenda mabutchala atatu. Awiri anali atagulitsa kale zikopa kwa anthu a ku Harare. Wachitatu anali nacho chachiwisi, cha ng'ombe yakuda, ntchentche zili ng'waa. Ndinaima pamenepo n'kumawerenga masiku ngati chitsiru: kupala, kukhoma, kuyanika, sabata ziwiri pang'ono pokha. Ngakhale chikanauma tsiku lomwelo, ndani akanapusitsa a Lazalo, munthu amene amasiyanitsa masamba a fodya ndi nsonga za zala maso atatsinzina? Ndinabwerako chimanjamanja, lamba wa pampu yemweyo osagula.

Potsika kombi ndinakumana ndi amayi a Mvano akuchokera ku mapemphero awo a Lachinayi, onse mu zoyera. Mayi anga anapatuka n'kundigwira mkono. Anali okondwa, ndi zimene zinandipweteka kwambiri. Anati amva kuti a gule ataya chikumba chawo, ndipo ayamika Mulungu kuti mwana wawo analeredwa kutali ndi zimenezo. Anati Loweruka ndikangoonekera pa mpalo mwaulemu wa mkamwini, ndikapereke moni, ng'oma zikayamba ndichokepo. Anandikumbutsanso nyimbo imene amafuna kuti kwaya iimbe Lamlungu. Ndinati ndamva, mayi.

Kuchokera apo ndinapita ku wekishopu, n'kuvundukula tenti. Ndimadana ndi kunena izi, koma njingayo inali yokongola. Thanki yakuda, injini yotsukidwa mpaka kuwala, mpando wofiirira utagona bwino pa felemu ngati unabadwira pomwepo. Ndinatenga sipanala ya teni. Mabauti anayi okha, mpando m'thumba, mwala m'thumba momwemo, damu lili pafupi. Ndinamasula awiri n'kuima. Lamlungu lapitalo ndinali nditaithamangitsa pa msewu wa kumunda wa tirigu, theka la komboni likuonerera, ine n'kumadzitama kuti chikopa n'cha ku Chinhoyi. Mpando ukasowa lero, ngakhale mwana wa giredi wani adziwa chifukwa chake. Komanso Keziya sakanakhala pa mphasa ya mpalo wa bambo ake ndi chinsinsi chimenechi mumtima. Ndinabwezera mabauti aja.

Lachisanu dzuwa litayamba kupendeka ndinatulutsa njinga. Sindinaikwere. Kuyambira Lachitatu lija matako anga ankauopa mpandowo. Ndinaikankha kudutsa mizere yonse ya komboni, ndipo anthu amene masiku onse amakuwa za tiyi anali chete. Kwa a Lazalo azimayi anali kuseri akutereka mowa wa mpalo m'migolo, Keziya ali pakati pawo ndi chipande m'manja. Pansi pa mtengo wa mango panakhala a Lazalo ndi akulu ena awiri a gule. Ndinaimika njinga patsogolo pawo, kuvula kapusi, n'kukhala pansi pa dothi.

Ndinanena zonse za mbali yanga: tsiku, balani, mpeni, polishi, bodza la ku Chinhoyi. Ndinati chotsala cha chikopacho chili ku wekishopu, koma ndi m'mbali mokhamokha, pakati ndi apa. 

Mkulu wina, wamfupi wa diso limodzi, anafuna kuti nkhani ithere pomwepo, anditenge basi. A Lazalo anamuletsa ndi dzanja. Anafunsa ngati pa khomo la balani panali chizindikiro, ndinati panalibe. Anatembenukira kwa wa diso limodzi uja n'kumufunsa kuti amene anatumidwa kukamanga kansanza anali ndani. Mkuluyo anayamba kufotokoza za mphepo. Anakangana motsitsa mawu, ndipo mapeto ake a Lazalo anagamula kuti malo opanda chizindikiro ndi malo a aliyense. Wotola mosadziwa alipira mbuzi ndi chikopa china, mbalule mawa ilira ndi chikopa chake chakale chong'ambika m'mphepete, a Simeon amva choncho.

Mbuzi! Ndikanatha kupsompsona magambutsu awo. M'mutu ndinali nditayamba kale kuganiza kwa amene ndikagule mbuziyo, n'kumadziona Lamlungu nditaima kutsogolo kwa kwaya ngati palibe chinachitika. Ndinawomba m'manja kuthokoza n'kuyamba kudzuka.

"Khalani kaye, mukwasha."

A Lazalo anali ataimirira pafupi ndi njinga. Anayendetsa chala chachikulu pa mzere woyamba wa ulusi, kenaka wachiwiri, pang'onopang'ono mpaka pa linunda. Anati kutola atha nako, kudula nakonso si kanthu chifukwa iwonso akanadula. Koma chikopa cha ng'oma chimabooledwa kamodzi kokha, pokhoma zikhomo, ndipo wobowola amakhala munthu wolowa, atatchula kaye dzina la mwini mpalo. Ichi chabooledwa kambirimbiri, popanda dzina. Dzanja limene lachita zimenezi liyankhe palokha. Likakhala la mwamuna wosalowa, alowe lero lomwe kuti akadziwe chimene wabowola. Likakhala la mkazi, ku dambwe sangapite, ndiye sakhala pa mphasa ya mpalo, sametedwa pamodzi ndi abale, ndipo maliro amenewa amutsalira m'mutu moyo wake wonse.

Anakweza maso. "Wasoka ndani?"

Keziya ndi wamanzere. Ulusi wake umapendekera kumene wa anthu ena supendekera, ndipo a Lazalo akhala akulandira mabelo ake ku shedi zaka khumi ndi ziwiri. Ankadziwa. Ine ndinkadziwa kuti akudziwa. Akulu awiri aja okha ndi amene sankadziwa, ndipo ankandiyang'ana pakamwa.

Ndisadzipange ngwazi. Dzina la mkazi wanga linafika pa lilime. Linali loona, ndipo ine ndinaphunzitsidwa kuyambira ku Sande sukulu kuti choonadi chimamasula. Ndinaganiza kuti sanadziwe, mwina amukhululukira, ndi mwana wawo. Ndinaganiza za mayi anga. Ndinaganiza za dzina langa likuwerengedwa kutsogolo kwa mpingo wonse pamodzi ndi a chigololo ndi a kachasu. Kuseri kuja chipande chinali chitasiya kugunda mu mgolo.

"Ndasoka ndine, sekuru."

Wa diso limodzi anaseka, n'kunena kuti makaniko sasoka chonchi, abweretse zingano tione. Chonsecho ine ngakhale batani limandigonjetsa. A Lazalo sanamuyang'ane n'komwe. Anati munthu wamkulu akavomera mlandu ndi pakamwa pake sayesedwa ngati mwana wa sukulu. Anandifunsanso kachiwiri, momveka kuti onse amve, ngati ndikudziwa chimene ndikuvomera. Ndinati ndikudziwa.

Pamenepo Keziya anatulukira pa ngodya ya nyumba, manja ali phala lokhalokha, akubwera molunjika pa bwalo. Anafika mpaka potsegula pakamwa.

"Iwe, mwana wa mlongo wanga," anatero a Lazalo mosakweza mawu, "pano sipalankhula mkazi. Mowa wa bambo ako ukupserera. Bwerera."

Anaima. Anandiyang'ana, ine ndinapukusa mutu pang'ono. Sindikudziwa ngati m'maso mwake munali kuthokoza kapena mkwiyo womwe uja wa Lachitatu, mwina zonse. Anabwerera ku migolo akupukuta nkhope ndi mkono.

A Lazalo anandiuza kuti ndimasule mpando. Sipanala ya teni inali m'thumba la ovolosi, ndinamasula mabauti onse anayi, ndipo iwo anaukulunga m'thumba la fodya n'kuupana m'khwapa. Njinga inatsala pansi pa mango felemu ili pamtunda. Anati foni, wotchi ndi nsapato ndisiye pomwepo, akazi anga atola. Kenaka anandiuza za panjira, motsitsa mawu, mwa chifundo chimene sindinkachiyembekezera: ndiyende pakati pawo, ndisalankhule ndi munthu, ndipo wopita kumene tikupitako sacheuka ngakhale amuitane ndani.

Njira ya ku dambwe imadutsa kuseri kwa mzere womaliza wa nyumba, ndipo nyumba ya kumapeto ndi ya mayi anga. Anali panja pa chingwe, akuyanika malaya anga oyera a kwaya, amene amaumirira kuchapa okha chifukwa amati Keziya sawayeretsa kolala. Anaona akulu atatu aja, anaona ine pakati pawo wopanda nsapato.

"Dominic?"

Ndinayang'ana zidendene za a Lazalo.

"Dominic, mwanangu, ukupita kuti ndi anthu amenewa?"

Anaitana kachitatu tili kale m'udzu, mawu atasweka, ndipo sindinacheuke.